Ndege Yoti Ioneke pa Zenera la Abambo

Amene anaphwanya ndege ya abambo ndi alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu. Ndalemba zimenezi pamwamba penipeni chifukwa mwezi watha anandipempha ndilembe kuti "ndege inachita ngozi", ngati kuti inadzitsitsa yokha pakhoma, n'kutsegula chitseko, n'kupita kukadziwombetsa pa thanki yamadzi. Ndinalemba momwemo ndipo zandikhala pakhosi mwezi wonse. Tsopano nazi za msonkhano.

KOMITI YA KALABU YOULUTSA NDEGE ZA RIMOTI

Tsiku: Loweruka, 2 Ogasiti
Malo: Chipinda chakuseri kwa shopu yokonzera mawailesi
Nthawi yoyambira: 2:20 masana, m'malo mwa 2 koloko

Opezekapo
Alamu, Wachiwiri kwa Wapampando, omwe anatsogolera msonkhano
Aphunzitsi, opuma pantchito
A Fyuzi, eni shopu
Anesi
Ine, Mlembi

Osapezeka
Wapampando, omwe ndi abambo anga, akalipentala. Anadwala sitiroko mu Meyi. Dzanja lamanja ndi mwendo sizigwira ntchito, ndipo mawu amatuluka amodziamodzi. Akugona m'chipinda chapamwamba pa shedi yathu yopalira matabwa, chomwe zenera lake limayang'ana kubwalo loulutsira ndege.
Ageni. Sanabwere, sanapepese, monga mwa masiku onse.

1. Kutsegula msonkhano

Wachiwiri anapempha Anesi, namwino wa pachipatala, kuti atsegule ndi pemphero. Titati ameni, Wachiwiri anakhala pampando umene Wapampando anadzikhomera okha. Mlembi anawayang'ana mpaka anasamukira pabokosi la sipika.

2. Zolembedwa za msonkhano wapita

Mlembi anawerenga zolembedwazo, kenako anapempha kuti mfundo yachinayi ikonzedwe. Anakumbutsa komiti kuti kalabu ili ndi lamulo limodzi lokha lomwe aliyense amaliloweza, lamulo la kansanza kamene Wapampando anamangirira pamtengo pakona ya bwalo. Kansanza kakalendewera, aliyense aulutse. Kakamakupiza, aulutse odziwa okha. Kakaima chilili ngati kawumitsidwa ndi simbi, aliyense apite kwawo akamwe tiyi. Pa 14 Juni kansanza kanaima chilili kuyambira m'mawa. Tsiku lomwelo Wachiwiri anatsitsa pakhoma la shedi ndege yofiira imene Wapampando anaipanga kwa zaka ziwiri ndi timatabwa totsala pantchito, ndege yokhayo yomwe kalabu inkaphunzitsira anthu, ndipo madzulo anaibweretsa m'thumba la simenti n'kuisiya kuseri kwa chitseko.

Mlembi anawonjezera kuti abambo amaidziwa injini ya ndege ija kulira kwake ngati mmene kholo limadziwira chifuwa cha mwana wake. Anaimva ikulira, anaimvanso italeka. Tsikulo sanadye.

Aphunzitsi anati zolembedwa za msonkhano si khoti. Mlembi anavomera kuti si khoti, n'chifukwa chake munthu akuyendabe mumsewu. Anesi anati, "Mlembi, tsitsako pang'ono, ma TV akufawa angadzuke."

Komiti inagwirizana kuti mfundoyo iziti "ndege inachita ngozi ili m'manja mwa Wachiwiri". Wachiwiri ankagubuduza kasikulu ka wailesi patebulo.

3. Kugula ndege ina yophunzirira: tsopano kapena tidikire

Aphunzitsi anati palibe chothamangira. Anati paliponse pomwe awerenga, wophunzira amayamba kunja kuli bata, ndipo mphepo ya miyezi ino siimva za munthu mpaka Okutobala. Anapempha kuti nkhaniyi iimikidwe kaye.

Mlembi anadziwitsa komiti kuti achimwene ake akubwera Lamlungu pa 31 Ogasiti kudzatenga abambo, kupita nawo kutauni komwe iwo amagwira ntchito, komwe kuli chipatala chophunzitsa ziwalo kuyendanso. Ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Kunyumba palibe amene akutchula za tsiku lobwerera. Mapuleni opalira matabwa ndi matchizulo amayi awapaka kale mafuta n'kuwakulunga m'nyuzipepala.

Mlembi anatinso anayamba kubwera kubwalo ali ndi zaka khumi ndi zitatu, atanyamula bokosi la zida. Atapempha kuti agwireko rimoti, abambo anati ayambe wamaliza sukulu. Atamaliza sukulu anati ayambe amaliza mipando ya tchalitchi china. Mipando itapita anati mvula ikatha. Mvula inatha mu Epulo. Mlembi walemba misonkhano makumi awiri ndi isanu ndi umodzi ya kalabu youlutsa ndege, koma sanaulutsepo ngakhale kwa mphindi imodzi. Anati sakufuna zambiri: akufuna aulutse abambo asanapite, ndipo abambo aone.

Anesi anati amakawaona Wapampando kawiri pamlungu, ndipo akawafunsa chomwe akufuna, samaloza madzi kapena wailesi, amaloza zenera.

Aphunzitsi anafunsa ngati sizingatheke kuphunzira mbandakucha, mphepo isanadzuke. A Fyuzi anawakumbutsa kuti bwalo lathu si lathu. Ndi poimika malole a fakitale, ndipo limakhala lopanda kanthu Loweruka masana pokha, nthawi yomwe mphepo imakhala itadya kale n'kukhuta. Lamlungu mumakhala ampira. Anatinso katundu akaitanitsidwa Lolemba amafika pakatha masiku khumi.

Mlembi anawerengera komiti pa kalendala ya a Fyuzi: 16, 23 ndi 30. Maloweruka atatu.

Aphunzitsi anavula magalasi n'kuwapukuta, n'kunena kuti abweza pempho lawo. Komiti inagwirizana kuti ndege isankhidwe lero, ndipo ikhale yoti munthu wosadziwa kanthu angaphunzirire mumphepo.

4. Ndege zitatu zomwe zinaperekedwa

Aphunzitsi anabwera ndi mapepala odulidwa mizere yofiira. A Fyuzi anabwera ndi foni yong'aluka galasi, yomwe tinkapatsirana.

(a) Kandege kakang'ono

Aphunzitsi anapereka kandege kamapiko osakwana theka la mita, kopepuka ngati buledi wa dzana. Anati ubwino wake ndi woti kakagwa sikasweka, chifukwa kalibe thupi loti n'kudzipweteka nalo, choncho wophunzira sachita mantha.

A Fyuzi anati, "Aphunzitsi, kameneka mphepo ya pabwalo paja ikakanyamula, mukakatola kwa apongozi anu." Anakumbutsa komiti za kandege kotere komwe Ageni anabwera nako chaka chatha. Kanakwera bwinobwino, kanayang'ana kumphepo, mota ikulira mpaka kumapeto, koma kankapita chafutambuyo. Kanadumpha mpanda kakutiyang'ana kumaso ngati mwana wotengedwa ndi basi yolakwika. Mpaka lero Ageni amafunsabe alonda.

A Fyuzi anafotokozanso kuti kandegeka kamakhota ndi mchira wokha. Kalibe timapiko tating'ono takumapeto kwa mapiko aakulu, tija timapendeketsa ndege kapena kuiwongola. Komanso mapiko ake anapindikira m'mwamba kwambiri, ndiye mphepo yochokera m'mbali imangolowa pansi pa phiko limodzi n'kukagadabuza, wophunzira alibe choti n'kubwezera.

Anesi anati kuchokera pazenera la Wapampando kameneka kangaoneke ngati ntchentche, ndipo m'chipindamo ntchentche zilimo kale. Kandegeka kanakanidwa.

(b) Jeti

A Fyuzi anaonetsa jeti yamphuno yosongoka, n'kunena kuti chothamanga ndicho chimaboola mphepo. Anavomera kuti aiika pamndandanda chifukwa choikonda iwowo. Mlembi anati zothamanga waziona kale zomwe zimachita zikakumana ndi thanki.

Apa m'pomwe Wachiwiri analankhula koyamba chitsegulireni msonkhano. Anati jeti ayi. Mapiko ake ali pansi pa thupi, ndiye ukasiya timitengo ta rimoti siidziwongola yokha. Imatera ikuthamanga. Wophunzira amafunika nthawi yoti alakwitse, azindikire kuti walakwitsa, achite mantha, kenako akonze, ndipo jeti imakhala itafika kale pansi munthu akadali pa kuzindikira. Mlembi analemba mfundoyi chifukwa ndi yoona. Jeti inakanidwa, a Fyuzi akuisisita pafoni.

(c) Ndege yamapiko pamwamba

Yachitatu anaipereka ndi a Fyuzi omwewo. Mapiko ake ndi pafupifupi mita ndi theka, ndipo ali pamwamba, thupi likulendewera pansi, choncho imakonda kukhala chowongoka. Imalemera kuposa paketi ya shuga pang'ono, kulemera kokwanira kuti mphepo iyambe yakambirana nayo isanaikankhe. Timapiko topendeketsera ili nato. Inapangidwa ndi fomu, zoyera zopepuka zija amatchingira firiji yatsopano m'katoni, koma yamtundu wopindika, yoti ikathyoka umamata ndi guluu n'kuulukanso tsiku lomwelo. Mota ndi pulopela zili kumbuyo kwa phiko, zimakankha m'malo mokoka, ndiye wophunzira akatera ndi mphuno, monga amachitira onse, pulopela siithyoka. M'kati muli kabokosi kamene kamamva ndege ikakankhidwa ndi mphepo n'kuibweza msanga munthu asanasunthe n'chala chomwe.

Aphunzitsi anatsutsa kabokosiko. Anati kamalera ulesi, ndipo Wapampando sankakafuna, ankati munthu aphunzire kumva mphepo ndi zala zake. Mlembi anayankha kuti Wapampando ankatinso mvula ikatha. A Fyuzi anati kabokosiko kali ndi swichi, ndipo Aphunzitsi adzaloledwa kukazimitsa ndi dzanja lawo mu Okutobala, pamwambo wapadera.

Kenako Wachiwiri anati pali vuto lina lomwe sitinalione. Ndegeyi ndi ya batire. Siilira ngati yofiira ija. Imangoti fuu, ndipo mumphepo munthu wa m'nyumba sangaimve n'komwe.

Mlembi anali asanaganizepo zimenezi. Zaka zonsezi Loweruka kwathu limadziwika ndi kulira kwa injini, mpaka amayi ankateleka madzi a tiyi akamva kuti yazima kachitatu.

Anesi anati ngati khutu silithandiza, diso ligwire ntchito ya awiri. Ndegeyi imabwera yoyera, ndipo choyera pamitambo chimasowa. Aphunzitsi anati tiipopere penti. A Fyuzi anati penti wopopera amadya fomu ngati chiswe, anayesapo, phiko linasungunuka akuliyang'ana. Anati ali ndi tepi yamtundu wa lalanje yokwanira ndege yonse, ndipo pansi pa mapiko tiikepo mizere yakuda kuti wophunzira azidziwa mimba ndi msana ikakhala patali.

Komiti inasankha ndege (c), pamodzi ndi mabatire awiri apadera ndi mapulopela atatu. Anavomera anayi. Aphunzitsi sanavomere kapena kukana, ndipo anapempha kuti zilembedwe kuti iwo ananena za kabokosi. Zalembedwa.

5. Mbali ya bwalo youlutsira

Aphunzitsi anafunsa chifukwa chomwe sitingangowanyamula Wapampando n'kubwera nawo pabwalo. Mlembi anati wawapempha katatu. Masitepe athu ndi opanikiza, powakweza anagwira amuna anayi, ndipo abambo akukana kutsitsidwa ngati kabati pamaso pa anthu omwe anawaphunzitsa okha. Kachitatuko anatembenukira kukhoma.

Mlembi anati tsiku lina abambo akusambitsidwa, iye anagona pabedi lawo kuti aone chomwe iwo amaona. Bwalo silioneka. Pamaoneka kachigawo kakang'ono ka kumwamba, pakati pa thanki yamadzi ndi kona ya chinyumba chosungiramo katundu. Choncho anapempha kuti maphunziro azichitikira mbali imeneyo.

A Fyuzi anakana mpaka kuimirira. Anati mphepo imachokera kuseri kwa chinyumbacho, imakwera denga, kenako imagwera mbali ya thanki ikuzungulira ngati madzi kuseri kwa mwala. Pamenepo ndege imakwezedwa, kugwetsedwa ndi kupotozedwa nthawi imodzi, kabokosi kaya palibe kabokosi. Wapampando omwe analetsa mbali imeneyo kalabu itangoyamba. Kenako anatembenukira kwa Wachiwiri n'kuti, "Ndipo inu, zaka zisanu ndi zitatu mukuulutsa, sindinamvetsepo chomwe munkafuna kumene kuja."

Wachiwiri anasiya kasikulu kaja. Anati, "Inenso ndinagonapo pabedi paja."

Anafotokoza kuti m'mawa wa tsikulo anapita kukawameta ndevu apongozi awo. Akuwameta, abambo sankayang'ana pagalasi, ankayang'ana pazenera. Anakweza dzanja lamanzere, chikhatho chotambasula, n'kulipendeketsa uku ndi uku. Anatero katatu. Atawakhazika pampando kuti asinthe nsalu zapabedi, Wachiwiri anaika mutu papilo n'kuona kachigawo komwe kaja. Masana anatsitsa ndege. Kansanza anakaona. Anadutsa koyamba pamwamba, zinayenda. Anaganiza kuti mwina abambo sanaione bwino, ndiye anabwereranso motsika.

Mlembi anati iye ankadziwa kuti Wachiwiri ankadzionetsera kwa anzawo oyendetsa malole, omwe anali pampanda tsikulo. Wachiwiri anati anzawowo ankadikira galimoto yowatenga. Mlembi anafunsa kuti nanga bwanji sananene, miyezi iwiri yonseyi akutukwanidwa patebulo la chakudya. Wachiwiri anati, "Ndikananena kuti chiyani, mlamu? Kuti anandituma ndi iwowo? Munthu woti sangathe kudziyankhira?"

Anesi anafunsa ngati Wapampando anaionadi ndegeyo ikudutsa. Wachiwiri anati sakudziwa. Chichokereni tsikulo sanakwerenso masitepe aja. Ndevu akumeta ndi akazi awo, ndipo akuti akuwacheka.

Mlembi anati wamva. Anati chifukwa chabwino sichimata mapiko. Anatinso nkhani yake yaikulu si thanki. Nkhani ndi yoti Wachiwiri anasiya thumba kuseri kwa chitseko n'kupita kwawo, ndipo amene anakwera masitepe kukaima pamaso pa abambo, kukawauza chinthu chomwe anali atachimva kale ndi makutu awo, ndi ine. Abambo anandigwira pamkono ndi dzanja lamanzere ngati wofunika kutonthozedwa ndine.

A Fyuzi anayatsa ketulo.

Titamwa tiyi, Anesi anati tonse tikuganiza ngati wodwala anakhomeredwa pabedi. Wapampando amatha kukhala pampando theka la ola. Mpando ukagunda khoma la zenera, munthu amaona m'mwamba kwambiri kuposa ali chigonere. Mlembi anati chigawo chapamwamba cha zeneralo chilibe galasi, abambo anatsekapo ndi pulayiwudi litasweka zaka zinayi zapitazo, ponena kuti adzakonza Loweruka.

Wachiwiri anati galasi likabwerera, vuto latha. Anajambula kuseri kwa pepala la Aphunzitsi. Anati chipwirikiti cha mphepo chimathera cha pa msinkhu wa madenga awiri. Kupitirira pamenepo mphepo ndi yamphamvu koma yowongoka, siinama. Ndege ikakwera kufika apo n'kuyang'ana komwe mphepo ikuchokera, mota ili pakati, imakhala ngati yaima malo amodzi. Tsiku la bata ikanangodutsa pazenera kamodzi n'kusowa. Mumphepo ikhoza kukhala pamenepo mpaka batire kutha. "Mphepo yomweyi idzatigwirira," anatero. "Aione mpaka khosi liwawe."

A Fyuzi anayang'ana chojambulacho n'kuvomera, koma anati kunyamuka ndi kutera kuzichitikira kutali ndi chinyumbacho, mphuno ili kumphepo nthawi zonse, ndipo ndege isaloledwe kupita kumbuyo kwa oulutsa, chifukwa yopita ndi mphepo kubwerera kwake ndi nkhondo.

Wachiwiri anadzipereka kugula galasi ndi kukaliika Lolemba. Mlembi anawadziwitsa kuti masitepe akadali khumi ndi atatu, sanachepe.

6. Wophunzira ndi wophunzitsa

Komiti inagwirizana kuti wophunzira woyamba pa ndege yatsopano akhale Mlembi. Panalibe wotsutsa.

Pofuna kuti zolembedwazi zimveke kwa mamembala atsopano, kaphunzitsidwe ka kalabu n'kotere. Marimoti awiri amalumikizidwa ndi chingwe chotalika mikono iwiri. Wophunzitsa amanyamutsa ndege, n'kuikweza, kenako amakanikiza swichi ndi chala. Nthawi yonse yomwe chala chili paswichi, ndege imamvera rimoti ya wophunzira. Zikavuta, wophunzitsa amangochotsa chala, ndege n'kubwerera kwa iye. Awiriwo amaima phewa ndi phewa.

Panafunika kupeza wophunzitsa. A Fyuzi anati iwo amaona bwino kachitsulo kakang'ono ngati njere ya mchenga kali pamphuno pawo, koma ndege ikapitirira mpanda amaona ziwiri, ndipo nthawi zambiri amaulutsa yolakwikayo. Aphunzitsi anati chidziwitso ali nacho chonse. A Fyuzi anawafunsa kuti aulutsapo kangati. Aphunzitsi anati kawiri, koma kachiwiriko kanali kabwino. Anesi anati iwo chingwe anachisiya chaka chatha chomwechi. Ageni kunalibe.

Onse anayang'ana pabokosi la sipika.

Mlembi anafunsa ngati chingwe chingatalikitsidwe. A Fyuzi anati akhoza kuchilumikiza mpaka kumsewu waukulu, koma awiriwo azidzalankhulana pa foni.

Wachiwiri anati avomera ngati Mlembi avomera, koma ali ndi mfundo ziwiri. Yoyamba, kunyamutsa ndi kuteretsa adzachita ndi iwo Maloweruka onse atatu, Mlembi azidzagwira ndege ili m'mwamba pokha. Mlembi anati akufuna kuteretsa yekha ngakhale kamodzi. Wachiwiri anati m'mphepo ya Ogasiti palibe amene amaphunzira kutera m'masiku atatu, ndipo samunamiza. "Ndaphwanya imodzi, mlamu. Sindiphwanya yachiwiri chifukwa choopa pakamwa panu." Yachiwiri, lamulo la kansanza likhalebe. Kakaima chilili, ndege siinyamuka, ngakhale litakhala tsiku lomaliza la 30.

Mlembi anafunsa kuti nanga kakaima Maloweruka onse atatu. Wachiwiri anati ndiye kuti abambo adzapita osaona. Mlembi anayang'ana a Fyuzi, a Fyuzi anayang'ana ketulo. Mlembi anavomera. Zilembedwe kuti kuyambira mawa Mlembi azidzuka n'kuyang'ana mitengo ngati mlimi.

Kenako Aphunzitsi anafunsa funso lomwe Mlembi akuwathokoza nalo, ngakhale poyamba linamubaya. Anati kuchokera pazenera paja pansi sipaoneka. Wapampando adzaona ndege, koma sadzaona manja. Adzadziwa bwanji kuti akuulutsa ndi mwana wawo, osati mkamwini?

Anesi anati akhoza kukhala nawo m'chipindamo n'kumawauza. Mlembi anati abambo auzidwa zinthu zambiri chidwalireni, kuti akuoneka bwino, kuti achira posachedwa, ndipo anasiya kukhulupirira zouzidwa.

Wachiwiri anaseka koyamba tsikuli. Anati Wapampando safunika kuuzidwa. Ankatha kukhala chofulatira, akumanga nsapato, n'kungocheuka kamodzi n'kunena amene wagwira rimoti. A Fyuzi amakhota ngati akuzemba mwini ngongole, mochedwa ndi mokayika. Anesi amakhota mopepesa. Wophunzira watsopano ndiye sabisika: amakankha kamtengo mopitirira, kenako amabweza mopitirira, ndege n'kumayenda ngati munthu wochokera ku ukwati. "Akadzaona ikudzandira, adzadziwa."

Mlembi anati ngati zili choncho nayenso ali ndi mfundo yake imodzi, ndipo ilembedwe ngati chigamulo cha komiti. Wachiwiri asadzachotse chala paswichi pofuna kukongoletsa kaulukidwe. Asadzawongole mwakachetechete n'kumati ndi Mlembi wawongola. Adzalande ndege pokhapokha ikupitadi pansi kapena ikuthawa ndi mphepo. "Ndikapendeketsa, ndisiyeni ndipendeketse. Ndikadzandira, ndidzandire pazenera pomwepo. Zaka khumi ndakhala ndikudikira kuti abambo andione ndikulakwitsa."

Wachiwiri anati chala chawo chidzawawa, koma amva. Komiti inavomereza mfundo zonse zitatu.

7. Zina ndi zina

A Fyuzi anadandaula kuti sikuludiraiva yawo yaing'ono yachikasu yasowa kuyambira msonkhano wapita, ndipo sakuloza munthu, koma Aphunzitsi magalasi awo sakugwederanso. Aphunzitsi anati aibweza Lachiwiri.

Anesi anapempha kuti wina akawauze Ageni kuti komiti si basi yoti umakwera ukafuna. A Fyuzi anatumidwa.

Anesi anadziperekanso kusinthana ntchito ndi mnzawo pa 16, 23 ndi 30 kuti azikawakhazika Wapampando pazenera ikamakwana 3 koloko, atawafunditsa bulangete chifukwa mpando udzakhala pamphepo.

8. Msonkhano wotsatira

Udzachitika Loweruka pa 6 Seputembala, malo omwewo, 2 koloko yeniyeni. Aphunzitsi anapempha kuti pamndandanda wa tsikulo pakhale nkhani yosankha Wapampando wina, popeza pofika tsikulo chipinda chapamwamba chidzakhala chopanda munthu. Mlembi walemba chifukwa ndi ntchito yake.

9. Kutseka

Msonkhano unatsekedwa 4:50 madzulo. Aphunzitsi anapemphera, ndipo anapempherera mphepo yapakatikati, ponena kuti yochepa sitikuiyembekezera.

Mawu a Mlembi: Potuluka alamu anandifunsa kuti galasi likhale lalikulu bwanji. Ndinawauza kuti sindinayeze, akayeze okha. Lolemba ndidzawatsegulira chitseko cha shedi, koma masitepe akwere okha, ndipo chomwe akakambirane ndi abambo m'mwambamo ndi chawo. Sindinawakhululukire, ndipo asaganize kuti chingwe cha mikono iwiri ndi chikhululuko. Koma pa 16 ndidzaima pafupi nawo, ndipo ndidzafunika kumva zomwe akunena. Za 14 Juni ndalemba pano komaliza. Sindidzazitchulanso, kaya patebulo, kaya pabwalo, kaya m'buku lino.

Wachiwiri kwa Wapampando, m'malo mwa Wapampando: ______________________

Mlembi: ______________________